Wosenzera anzake katundu nayenso amatopa

Pa 13 Novembala 2015, bambo wa zaka 55 wa ku Britain, Henry Worsley, anayamba ulendo kuchokera pa chilumba cha Berkner ku Antarctica, chigawo cha kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi. Kumeneko kulibe mudzi, mtengo ngakhale munda. Kuli chipale ndi madzi oundana okhaokha. Kumapazi anavala timatabwa tatitali totsetserekera pa chipale, totchedwa ski. M'chiuno anamanga chingwe chokokera chileyi chimene chinali ndi chakudya, tenti ndi mafuta ophikira, zolemera ngati matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50. Cholinga chake chinali kudutsa chigawo chonsecho yekha, popanda galu womukokera katundu kapena munthu womubweretsera chakudya panjira.

Nanga chinamutuma n'chiyani munthu wapabanja, wa ana awiri, kumalo oterowo? Worsley anali atangopuma kumene ntchito yausilikali, imene anaigwira kwa zaka 36. Mwa zaka zimenezo, zina anatumikira m'gulu la SAS, la asilikali osankhika amene amatumidwa ntchito zoopsa ndi zachinsinsi. Anagwirako ntchito ku Northern Ireland, Bosnia ndi Afghanistan, ndipo ankadziwa bwino kuti nkhondo ikatha kubwalo, imapitirira kunyumba: wina wabwera wopanda mwendo, wina sagona tulo, ndipo mkazi ndi ana ndiwo amasenza zotsalazo. N'chifukwa chake ulendo wake unali wosonkhetsa mapaundi 100,000 a thumba la Endeavour Fund, lomwe linakhazikitsidwa mu 2012 kuti lithandize asilikali ovulala ndi odwala kuyambanso moyo kudzera m'masewera ndi maulendo olimbitsa mtima. Prince William ndiye anali mthandizi wamkulu wa ulendowo.

Tsiku ndi tsiku ankakoka chileyi chake kwa maola ambiri m'mphepo yachisanu, kuzizira kukufika madigiri 40 kunsi kwa ziro. Akamanga tenti, ankatumiza uthenga wa mawu pa lamya ya setilaiti, ndipo anthu ambiri, kuphatikizapo ana asukulu, ankatsatira ulendowo. Dzino lake lina linathyoka poluma chakudya chouma ndi chisanu. Pa 2 Januwale 2016 anafika pa South Pole, pamene pali nyumba zofunda za akatswiri a sayansi a ku America, koma anagonabe mu tenti yake kuti asaswe lamulo lomwe anadziikira losalandira thandizo.

Kuchoka pamenepo thupi linayamba kukana. Atayenda makilomita oposa 1,400, anagona mu tenti masiku awiri osatha kupitirira. Pa 22 Januwale anaimba lamya kuti ndege idzamutenge, nauza omutsatira kuti mphamvu zamuthera. Anamutengera ku chipatala cha mumzinda wa Punta Arenas ku Chile, kumene madokotala anapeza kuti tizilombo talowa m'nembanemba ya m'mimba mwake. Anamuchita opaleshoni, koma pa 24 Januwale anamwalira. Ndalama zimene ankafuna zinali zitakwana kale iye asanatsike mu chipalecho, ndipo mbiri ya imfa yake itamveka, zopereka zinachuluka koposa.

Pano m'pamene tiyenera kuima ndi kulingalira. Munthu amene Worsley ankamulemekeza kuyambira ubwana wake anali Ernest Shackleton, mtsogoleri wa maulendo a ku Antarctica. Shackleton sakumbukiridwa kaamba kofika kumene ankapita, pakuti sanafikeko. Pa 9 Januwale 1909, atatsala ndi makilomita pafupifupi 180 kuti akhale woyamba kuponda pa South Pole, anaona kuti chakudya sichikwana, ndipo anabwerera ndi anzake atatu ali moyo. Zimanenedwa kuti anauza mkazi wake kuti ankaganiza kuti iye angakonde bulu wamoyo kusiyana ndi mkango wakufa, mawu amene amatikumbutsa Mlaliki 9:4. Mu 1915 sitima yake ya Endurance inaphwanyidwa ndi madzi oundana n'kumira, koma amuna onse 28 a m'sitimayo anapulumuka.

Worsley ankaidziwa bwino mbiri imeneyi, ndipo pomaliza anachita chimodzimodzi: anavomera kuti wafika pamapeto, napempha thandizo. Sitingaweruze ngati akanapulumuka akanaimba lamya msanga. Chomwe tikuona n'chakuti munthu amene anatha masiku 70 akukana thandizo lililonse kuti athandize ena, mawu ake otsiriza m'chipululumo anali opempha kuti amunyamule. M'menemo munalibe manyazi. Asilikali ovulala amene ankawayendera ulendowo ali ndi phiri lomwelo loti akwere, pakuti munthu wophunzitsidwa kupirira osadandaula amavutika kutsegula pakamwa kunena kuti zandivuta.

Kodi m'makomo mwathu mulibe anthu otere? Alipo bambo amene amalipirira sukulu ana a malemu mchimwene wake, iye akubisa matenda. Alipo mayi amene sasowa pamaliro paliponse ndi kuchipatala kulikonse, koma palibe amene anamufunsapo ngati wadya. Timawayamika kuti ndi olimba mtima, kenaka timawaonjezera katundu. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambiwu umakhudzanso mutu umene timauona ngati wolimba kuposa yonse. Ifenso amene timatumikira ena tidzifunse ngati kukana kwathu thandizo kumachokera m'chikondi kapena m'kudzikuza, popeza tikagwa, amene amalira kwambiri ndi a m'nyumba mwathu.

Nkhaniyi sinathere ku Punta Arenas. Mu Disembala 2017 banja lake linakaika phulusa la thupi lake ku Grytviken, pa chilumba cha South Georgia, kufupi ndi manda a Shackleton. Chaka chotsatira, mnzake wausilikali Louis Rudd, amene anayenda naye kukafika pa South Pole mu 2012, anavala ski, nakoka chileyi chake yekha kudutsa Antarctica m'masiku 56, n'kumaliza pa 28 Disembala 2018. M'katundu wake ananyamula mbendera ya banja la Worsley, yomwe ija mwini wake analephera kuifikitsa kutsidya.

Sabata ino tiyang'ane m'banja ndi m'mudzi mwathu, tipeze uja amene amasenzera aliyense. Tisadikire kuti atiitane, chifukwa mwina sadzaitana. Timupite, tikhale naye pansi, timufunse mmene wadzukira, ndipo tikhale chete kufikira atatiyankha zoona.