Bolodi Lolankhulirapo ndi Makina a m'Fakitale



Ambiri mwa inu amene mumakhala ku Matero, ku George ndi ku Kanyama mumaona makolo anu akulawirira m'mamawa kupita ku Heavy Industrial Area, dera la mafakitale limene lili kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka. Kumeneko, m'mbali mwa misewu monga wa Mungwi, makina amalira usana ndi usiku. Kodi munayamba mwadzifunsapo kuti munthu mmodzi amalamula bwanji makina aakulu ngati nyumba? Lero tiphunzira za bolodi limene munthu ndi makina amalankhulirapo.

Tiyeni tiyerekeze thanki ya madzi m'fakitale yopanga zakumwa. Pampu imathira madzi m'thankimo. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamayeza pamene madzi afika. Pakati pa sensa ndi pampu pali kabokosi kotchedwa PLC, kamene ndi kompyuta yaing'ono yolimba, mwina yaikulu ngati njerwa. Kabokosika kamachita zinthu zitatu: kamamva zimene sensa ikunena, kamatsata malangizo amene katswiri analembamo, ndipo kamayatsa kapena kuzimitsa pampu. Kakatha kamayambiranso, kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Kale ntchito imeneyi inkachitika ndi maswichi a magetsi mazanamazana olumikizidwa ndi nthambo. Pofuna kusintha kagwiridwe ka makina, amisiri ankamasula nthambozo ndi kuzilumikizanso, ntchito ya masiku ambiri. M'chaka cha 1968 kampani yopanga magalimoto ya General Motors ku America inapempha akatswiri kuti apeze njira yapafupi. Dick Morley ndi anzake anapanga kabokosi kotchedwa Modicon 084, kamene kanaperekedwa mu 1969. Kuyambira pamenepo kusintha ntchito ya makina kunakhala kusintha malangizo chabe.

Tsono kabokosika kalibe nkhope kapena pakamwa, ndipo kamatsekeredwa m'kabati yachitsulo poopa fumbi ndi madzi. N'chifukwa chake pafupi ndi makina pamaikidwa bolodi. Mabolodi akale anali ndi mabatani ndi timababu basi. Pambuyo pake panabwera okhala ndi kagalasi koonetsa manambala ndi mawu ochepa. Lero ambiri ali ndi sikirini yokhudza ndi chala, monga ya foni ya m'manja.

Bolodi lili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kuonetsa: madzi afika pati, pampu ikuyenda kodi, mabotolo adzaza angati. China chikalakwika, limaliza belu ndi kulemba vutolo. Yachiwiri ndiyo kupereka mawu a munthu kwa kabokosi. Ngati thanki yathu imalowa malita 1,000, woyendetsa makina angalembe kuti pampu iziima madzi akafika malita 900. Bolodi limatumiza nambalayo kwa PLC, ndipo PLC ndiyo imaimitsa pampu. Choncho bolodi lili ngati mthenga wa mfumu: limanyamula mawu uku ndi uku, koma wogwira ntchito ndi kabokosi.

Apa mvetserani bwino, ana inu. Makina amamvera, koma alibe nzeru zosiyanitsa chabwino ndi choipa. Munthu akalemba nambala yolakwa, madzi angasefukire, katundu angaonongeke, ndipo mnzake angavulale. Motero manambala ofunika kwambiri amatetezedwa ndi mawu achinsinsi, kuti asasinthidwe ndi munthu wamba. Wantchito watsopano akaona mawu amene sakuwamvetsa ayenera kufunsa kapitao wake, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Pali batani limodzi limene aliyense ayenera kulidziwa. Ndi lalikulu, lofiira, looneka ngati bowa, ndipo kumbuyo kwake kumakhala kwachikasu. Limeneli ndi loimitsira makina pa ngozi. Lili ndi nthambo zakezake, kotero kuti limagwira ntchito ngakhale sikirini itazima. Komabe makina amene angoimitsidwa sanafe, agona chabe. Mmisiri asanapise dzanja m'kati, amayamba wazimitsa swichi yaikulu ya magetsi, naikhoma ndi loko, kiyi n'kuika m'thumba mwake.

Aphunzitsi, phunziroli mungalichite ngati sewero. Mwana mmodzi akhale pampu, azithira madzi m'ndowa ndi kapu. Wachiwiri akhale sensa, aziyeza madziwo ndi rula ndi kutchula masentimita. Wachitatu akhale PLC, azinena kuti "thira" kapena "leka". Wachinayi akhale bolodi, azilemba manambala ndi choko. Inu muuze wolembayo pamene madzi ayenera kulekezera. Kenaka mupatseni nambala yoposa msinkhu wa ndowa, ana aone okha chimene chichitike, ndipo akambirane kuti wolakwa ndani.

Pomaliza, ana inu, kumbukirani kuti woima pa bolodi amadalira kuwerenga mawu molondola ndi kudziwa masamu, zomwe mukuphunzira tsopano lino. Mawa ena mwa inu mudzaima pamenepo, ndipo anzanu adzabwerera kwawo ali bwino chifukwa cha kusamala kwanu.

Tsalani bwino mpaka phunziro lotsatira.