Mkokomo Wosamveka ndi Kapangidwe ka Mankhwala

Mphunzitsi akafika pa phunziro la maatomu, ophunzira kaŵirikaŵiri amafunsa kuti zimenezi zili ndi ntchito yanji. Nali yankho limene mungapite nalo m'kalasi.

Mankhwala ambiri ochiritsa ali ndi maatomu olumikizana ngati mphete. Mpheteyo ndi ya maatomu a kaboni, koma pena pamaloŵa naitrojeni, okosijeni kapena salufa. Kwinini wochiza malungo ndi wotere, chimodzimodzinso kafeini wa mu tiyi. Popanga mphete zotere, akatswiri akhala akuŵiritsa zosakaniza kwa maola ambiri m'zosungunulira zaululu, zimene potayidwa zimaipitsa madzi ndi nthaka. Nchifukwa chake mu 1998 Paul Anastas ndi John Warner anafalitsa mfundo 12 za kapangidwe kosaononga chilengedwe.

Njira imodzi yotsata mfundozo ndiyo ya mkokomo wosamveka. Khutu la munthu silimva kunjenjemera kopitirira ka 20,000 pa sekondi. Mkokomo wotere ukadutsa m'madzi, umaapanikiza ndi kuakoka mosinthanasinthana. Pokokapo pamabadwa tithovu, timene timakula kenaka nkuphwanyika mwadzidzidzi. M'kati mwa kathovu kophwanyikako mumatentha pafupifupi madigiri 5,000 kwa kanthaŵi kochepetsetsa, chonsecho madzi onse ali ofunda chabe. Mphamvu imeneyi imatakasa zosakaniza ndi kufulumiza kulumikizana kwake. Motero ntchito ya maola nthaŵi zambiri imatha m'mphindi zoŵerengeka, mwinanso m'madzi wamba. Richards ndi Loomis ndiwo anayamba kulemba za zimenezi mu 1927.

Ngakhale sukulu yopanda zipangizo ingathe kuonetsa chiyambi cha tithovuti. Tengani chipope cha jekeseni chopanda singano, mukokeremo madzi ofunda pang'ono, mutulutse mpweya wonse. Tsekani kukamwa kwake ndi chala, ndipo kokani mwamphamvu. Tithovu tidzaoneka, mukalekerera, tambiri tidzazimirira. Mphetezo aumbe okha ophunzira ndi waya, chimanga chiimire kaboni, nyemba iimire naitrojeni.

Tsono chenjerani pa ziŵiri. Ophunzira asaganize kuti mkokomowo ndiwo umalumikiza maatomu; ntchito imagwiridwa ndi tithovu. Asaganizenso kuti njirayi payokha imachotsa ululu, pakuti wosungunulira m'zaululu adzatayabe zaululu. Pomaliza afunseni: kodi zotsala za ntchitoyi zikupita kuti?