Kachizindikiro kamodzi pa WhatsApp si umboni woti akubulokani

Munthu amene ali ku Johannesburg akatumiza uthenga wa WhatsApp kwa m'bale wake wolima fodya kwa Kaluluma ku Kasungu, kachizindikiro kochonga kamodzi kotuwa kamasonyeza kuti uthengawo wanyamuka koma sunafike. Tikakhala tiwiri ndiye kuti wafika, ndipo tikasanduka tabuluu wawerengedwa.

Ena akaona kamodzi amathamangira kuganiza kuti awabuloka, mpaka chibale kusokonekera. Komatu zimaonekanso choncho netiweki ya Airtel kapena TNM ikavuta kumudziko, bandulo ikatha, ngakhalenso foni ikatha moto.

WhatsApp siuza munthu kuti wabulokedwa. Chikayiko chimakula pokhapokha kachizindikiroko kakakhala kamodzi kwa masiku ambiri, chithunzi cha mnzakeyo chikasowa, ndiponso kuimba pa WhatsApp kukamakanika. Ngakhale zitatero, nzeru ndi kuyamba wamuimbira pafoni wamba asanamuweruze.