Intaneti ikazimitsidwa, m'migodi ya Bindura amavutika ndani?

Ena mwa anthu a kumigodi ya Trojan Nickel Mine ndi Freda Rebecca ku Bindura, m'dziko la Zimbabwe, ndi zidzukulu za makolo omwe anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Nkhani za maliro, malipiro ndi ngozi zapansi pa mgodi amazimva pa WhatsApp. N'chifukwa chake ndimaiona nkhani ya ufulu wa intaneti ngati yawo.

Mu Januwale 2019, anthu atakwiya ndi kukwera mtengo kwa mafuta, boma la Zimbabwe linazimitsa intaneti. Mabungwe a MISA Zimbabwe ndi Zimbabwe Lawyers for Human Rights anakamang'ala kukhoti lalikulu, ndipo pa 21 Januwale khotilo linagamula kuti nduna yomwe inalamula zimenezi inalibe mphamvu zotero. Mu 2020 lamulo la AIPPA, lomwe linkafinya atolankhani, linafafanizidwa.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza Chichewa pakati pa zilankhulo 16. Choncho ine ndikupempha mabungwewa kuti amenyerenso wayilesi za m'madera zoulutsa m'Chichewa, kuti wa kumgodi adziwe ufulu wake m'chinenero cha makolo ake.