Kodi "inject" Ndi Kubaya?

Teremu yatha mnzathu wina wa Fomu 3 analemba m'chimangirizo chake cha Chingerezi kuti, "A thorn injected my foot." Aphunzitsi anazunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira, malikisi awiri n'kupita. Mnzathuyo anadandaula mpaka kuchipinda chodyera. Ankati kuchipatala timanena kuti "andibaya jakisoni", ndipo minga nayonso imabaya. Nanga cholakwika chili pati? Ambiri tinamuseka, koma titafunsidwa kuti tilongosole, tonse kukamwa kunangoti yasa. Ndiye ndinaganiza zofufuza.

Vuto lagona pakuti zilankhulo ziwirizi zimayang'ana mbali zosiyana za ntchito imodzi. Ife tikamati "kubaya" maso athu ali pa singano imene ikuboola khungu. Mngerezi akamati inject maso ake ali pa mankhwala amene akukankhidwira m'thupi. Minga imaboola, koma siithira kanthu m'phazi. Njoka ya mphiri ndiyo ingayenere mneniyu, chifukwa ikaluma imalowetsa ululu kudzera m'mano ake amphako.

Amene timavutika ndi Chilatini m'mawa uliwonse, apa ndiye podyera thukuta lathu. Inject anachokera ku mneni wa Chilatini inicere, wopangidwa ndi in, kutanthauza "m'kati" kapena "pa", ndi iacere, kutanthauza "kuponya". Tsono kwenikweni ndi "kuponyera m'kati". Taonani momwe lembo la a limasinthira mneni akalumikizidwa ndi kachidutswa kena: iacio asanduka inicio, ndipo iactus asanduka iniectus. N'chimodzimodzi ndi facio amene amabala perficio ndi perfectus, kapena capio amene amabala accipio ndi acceptus. Angerezi anatenga tsinde la iniectus cha m'ma 1600. Lembo la j lisakusokonezeni: Aroma analibe lembo limeneli, ankalemba i basi, ndipo j anadzapatulidwa kukhala lembo palokha zaka mazana ambiri pambuyo pake.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kwa Aroma mneniyu ankapezekanso m'nkhani za milandu. M'malamulo awo akale, olembedwa pa magome 12 cha m'ma 450 Khristu asanabadwe, munali mwambo wotchedwa manus iniectio, "kuponya dzanja pa munthu". Wangongole akagamulidwa kuti alipire, ankapatsidwa masiku 30. Akalephera, mwini ndalama ankamugwira ndi dzanja n'kumukokera kwa woweruza. Baibulo la Chilatini la Vulgata likugwiritsa ntchito mneni yemweyu pa Mateyo 26:50 ndi Marko 14:46, pamene anthu aja anagwira Ambuye Yesu ku Getsemani. Abambo amene anaphunzira Malembo m'Chilatini akhoza kutichitira umboni.

Tanthauzo la kuchipatala linakula pamodzi ndi zipangizo. Mu 1656, ku Oxford, Christopher Wren, yemwe uja anadzajambula mapulani a tchalitchi lalikulu la St Paul's ku London, analowetsa vinyo ndi mankhwala ogonetsa m'mitsempha ya galu pogwiritsa ntchito nthenga yamphako ndi chikhodzodzo cha nyama. Jakisoni wa singano yamphako monga tikumudziwira lero anabwera cha mu 1853, kudzera mwa Alexander Wood wa ku Edinburgh ndi Charles Pravaz wa ku Lyon. Dzina lakuti injection ndi limene makolo athu analimva kwa madokotala n'kuliwumba kuti likhale jakisoni, ena amati jekeseni. Anataya in wa kumayambiriro, amene ndiye mwini tanthauzo la "m'kati", n'kubwereka "kubaya" kuti agwire ntchito ya mneni.

Tsopano kagwiritsidwe kake, pakuti pamenepa m'pamene malikisi amathera. Inject ndi mneni woyambukira, ndipo ali ndi njira ziwiri. Mukayamba ndi mankhwala, mperekezi wake ndi into: "The nurse injected quinine into his arm." Mukayamba ndi munthu, mperekezi wake ndi with: "The nurse injected him with quinine." Chiganizo chimene timamva kawirikawiri chakuti "She injected me quinine" ndi Chichewa chovala jekete la Chingerezi. Tatengera "anandibaya kwinini", koma Chingerezi sichilola apamtherankhani awiri kutsatana pa mneni ameneyu. Potchula, mawu amakwera pa ject osati pa in. Dzina lake ndi injection. Musalembe "an inject".

Musasokonezenso inject ndi vaccinate. Katemera wina, monga wa poliyo wa madontho, amaperekedwa pakamwa popanda singano, ndipo jakisoni wochiza malungo si katemera.

Kunja kwa chipatala mneniyu amapezeka m'malo ambiri, koma ganizo la kukankhira kanthu m'kati silisintha. Amakaniko amakamba za fuel injection, pamene mafuta amafayiridwa mwamphamvu m'kati mwa injini, monga zimachitikira m'galimoto za dizilo. Nyuzipepala zimalemba za boma kapena kampani imene yachita inject ndalama m'ntchito imene inali kufooka. Mlaliki amene waona kuti anthu ayamba kusinza akhoza kuchita inject nthabwala mu ulaliki wake. Ine ndimaona kuti atolankhani ena amawonjeza. Kupereka mabuku asanu kusukulu sikufunika mneni wamphamvu chonchi.

Phindu lina n'lakuti mukadziwa kuti ject ndi "kuponya", mwapeza banja lonse. Eject ndi kuponyera kunja, reject ndi kuponyera m'mbuyo, ndiye kuti kukana, project ndi kuponyera kutsogolo, ndipo interject ndi kuponya mawu pakati pa zokamba za ena. Munthu amene ali dejected ndi woponyedwa pansi mumtima. Ngakhale adjective wa m'galamala ndi wa m'banja lomweli: mawu oponyedwa pambali pa dzina kuti alifotokoze.

Nanga mnzathu uja akanalemba chiyani? Mneni wa minga ndi prick, kapena pierce ngati inalowa kwambiri: "A thorn pricked my foot." Ndinamuwonetsa zonsezi ndipo anavomera, ngakhale mpaka lero akuti malikisi awiri anachuluka pa liwu limodzi.