Boti liime patali bwanji? Mmene South Africa imayendetsera ntchito yoonetsa anthu anangumi

Chaka chilichonse, kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala, anangumi a mtundu wa southern right amafika m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa South Africa. Amachokera kumadzi ozizira a kufupi ndi Antarctica, ndipo chimene amadzera n'kubereka ndi kulera ana pamalo odikha. Tauni ya Hermanus, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town, imadyera pomwepo: mahotela amadzaza, malo odyera sapuma, maboti amangoti kupita kubwera. Mwa anthu ogwira ntchito m'malo ofikira alendo a m'chigawochi muli Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe, ndipo kawirikawiri ndi iwo amene mlendo amawafunsa kuti, "Kodi ndikwere boti liti?" Kuti munthu ayankhe bwino funso limeneli, afunika adziwe amene amaloledwa kuyandikira nyamazi, amene amapereka chilolezocho, ndi zimene wolandira chilolezo amalonjeza.

Chifukwa chake pali lamulo

Nangumi si nsomba. Amapuma mpweya, amabereka mwana wamoyo ndipo amayamwitsa. Wamkazi wamkulu amatalika mamita pafupifupi 15 ndipo amalemera matani oposa 40. Bere lake limatenga chaka, ndipo mwana amabadwa ali kale wa mamita 4 kapena 5. Chofunika kumvetsa n'chakuti miyezi yonse imene mayi amakhala kugombe sadya kwenikweni. Chakudya chake, tizilombo ting'onoting'ono tonga nkhanu, anachisiya kummwera. Mkaka wa mwana umachokera m'mafuta amene anasunga m'thupi. Ndiye boti likamuthamangitsa, mphamvu imene wawononga pothawa ndi yomwe ikanapita kwa mwana. Phokoso la injini nalo limaphimba kulira kwapansipansi kumene mayi ndi mwana amaitanirana, ndipo pulopela imatha kucheka msana wa nyama imene yabwera pamwamba kudzapuma.

Mtundu umenewu unatsala pang'ono kutheratu. Alenje a panyanja anayamba kuupha m'magombe a South Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, poti umayenda pang'onopang'ono, umakonda kufupi ndi mtunda, ndipo ukafa umayandama. Pangano la mayiko loteteza mtunduwu linayamba kugwira ntchito mu 1935, koma zombo za Soviet Union zinapitiriza kuupha mobisa mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1970. Fakitale yophera anangumi ya ku Durban inatsekedwa mu 1975, ndipo mu 1979 South Africa inaletseratu ntchitoyi m'madzi ake.

Kuyambira mu 1969 akatswiri akhala akuwerenga anangumiwa ali m'ndege, ntchito imene anaiyambitsa katswiri Peter Best ndipo lero ili m'manja mwa Whale Unit ya University of Pretoria. Nangumi aliyense amadziwika ndi zigamba zoyera zokhakhala za pamutu pake, motero akatswiri amatha kutsata mayi mmodzi kwa zaka zambiri. Kawerengedweka kanasonyeza kuti chiwerengero chakwera kufika m'masauzande. Koma kasonyezanso kuti posachedwapa amayi ambiri akufika owonda, ndipo m'malo mobereka pakapita zaka 3 monga kale, akumatha zaka 4 kapena 5. Akatswiri akuloza chala kusintha kwa chakudya kunyanja ya kummwera. Zimenezo boma la South Africa silingazikonze palokha. Chimene lingathe n'kuona kuti nyama yofika yotopa isavutitsidwenso pagombe.

Lamulo la aliyense: mamita 300

Gawo 24 la malamulo aakulu a South Africa limati munthu aliyense ali ndi ufulu woti chilengedwe chitetezedwe, kuti chipindulire mibadwo ya lero ndi yamtsogolo. Pa maziko amenewa panabwera lamulo la zamoyo za m'nyanja, Marine Living Resources Act, mu 1998, ndipo zilolezo zoyamba za maboti oonetsa anangumi zinaperekedwa chaka chomwecho. Mu 2008 boma linatulutsa ndondomeko ndi malamulo apadera a ntchitoyi, kenako mu 2017 linakhazikitsa malamulo a zamoyo za m'nyanja zotetezedwa pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2004. Amene amayang'anira zonsezi ndi unduna wa zankhalango, usodzi ndi chilengedwe, umene anthu amangoutchula kuti DFFE.

Mfundo yaikulu ndi yosavuta kukumbukira. Munthu wopanda chilolezo sayenera kuyandikira nangumi kupitirira mamita 300, kaya ali pa boti la injini, pa kabwato kopalasa kapena m'ndege. Nangumi akavuuka pafupi mwadzidzidzi, udindo wochokapo ndi wa munthu. Lamuloli silisankha: limagwira msodzi, mwini boti lokasangalalira, ngakhale wosambira. Ndipo limatetezanso anthu. Mu Julayi 2010 nangumi wina anadumpha m'madzi a Table Bay n'kugwera pa boti la matanga, kuthyola mlongoti wake. Anthu awiri amene anali m'botilo anapulumuka, koma zithunzi zake zinafalikira dziko lonse ndipo zinaonetsa chimene nyama yaikulu chotere ingachite.

Chilolezo chimapezeka bwanji

Boma linagawa gombe m'madera, monga False Bay, Hermanus, Gansbaai, Knysna, Plettenberg Bay, Algoa Bay ndi St Lucia, ndipo dera lililonse lili ndi chiwerengero chake cha zilolezo. Ndi zowerengeka, kwina chimodzi chokha. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya dongosolo lonse, pakuti ngakhale boti lililonse litamvera malamulo, maboti 20 ozinga nyama imodzi angaisowetse mtendere.

Nthawi yogawa ikakwana, unduna umalengeza m'gazeti ya boma. Ofuna amadzaza mafomu, kulipira ndalama yofunsira, n'kuonetsa kuti ali ndi boti loyenera. Botilo liyenera kukhala ndi chiphaso cha SAMSA, bungwe loona za chitetezo cha panyanja, woyendetsa akhale ndi chiphaso chake, ndipo pakhale wotsogolera alendo wophunzitsidwa. Unduna umayang'ananso mbiri ya wofunsayo pa nkhani yomvera malamulo, ntchito zimene adzalembe anthu a m'deralo, ndi gawo limene anthu akuda ali nalo pa umwini wa kampaniyo, poti m'nthawi ya tsankho bizinesi zotere zinali za azungu okhaokha. Wokanidwa ali ndi ufulu wofunsa zifukwa zolembedwa, kuchita apilo kwa nduna, ndipo ngati sakhutira angathe kupita kukhoti.

Chilolezo si katundu wa munthu mpaka kalekale. Chili ndi nthawi yake ndi dera lake, ndipo boma lingachilande. Anangumi ndi a dziko lonse. Boma limangobwereketsa mwayi woyandikira kwa anthu ochepa, posinthana ndi malonjezo.

Malonjezo a pamadzi

Boti la chilolezo likafika pa mamita 300 limatsitsa liwiro mpaka madzi asamachite thovu kumbuyo. Silidzera kumutu kwa nyama kapena kumchira, koma chammbali, ndipo silidutsa kutsogolo kwa njira yake. Likafika pa mamita 50 limaima. Nthawi yokhala ndi nangumi mmodzi kapena gulu limodzi ndi mphindi 20. Kukhudza nyama, kuidyetsa kapena kulowa m'madzi kukasambira nayo n'koletsedwa. Mayi wokhala ndi mwana salondoledwa dala, ndipo boti likakumana naye mosayembekezera liyenera kupatuka.

Nanga nangumi akabwera yekha? Zimachitika kawirikawiri, chifukwa southern right ndi nyama yachidwi. Woyendetsa amachotsa giya kuti pulopela isazungulire, ndipo boti limangoyandama. Pang'ono ndi pang'ono mdima waukulu umaoneka pansi pa madzi, mutu wa zigambazigamba umatuluka, mpweya n'kuphulika m'mphuno ziwiri ngati mizere iwiri yotayana. Nyamayo imazungulira boti, nthawi zina n'kudutsa pansi pake, kenako imapita ikafuna. Pamenepa palibe lamulo lathyoledwa, chifukwa mtunda wausankha ndi nangumi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo oyendetsa maboti ozolowera amadziwa kuti nangumi wothamangitsidwa amamira, pamene wosiyidwa amadzionetsa.

Boti likabwerera kugombe ntchito sinathe. Mwini chilolezo amalemba m'kaundula ulendo uliwonse: tsiku, malo, anthu amene anakwera, mtundu ndi chiwerengero cha nyama zimene anaona. Zolembazi zimapita ku unduna, ndipo zimathandiza poona ngati dera lina lachulukirwa maulendo.

Malo amene boti silifika

Pali malo ena amene chilolezo sichitsegula. Mu 2001 boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Walker Bay, pafupi ndi Hermanus. Kuyambira pa 1 Julayi mpaka pa 30 Novembala, chigawo chamkati chimatsekedwa kwa maboti, ndipo a zilolezo amagwira ntchito kunja kwake. Tingati ndi chikuta: mayi ndi khanda lake amasiyidwa kaye mpaka mwana atalimba, ndipo ofuna kuona amadikira panja.

Kudikira panjako sikutayitsa kanthu. Hermanus ili ndi kanjira ka pamwamba pa matanthwe kotalika makilomita pafupifupi 12, pomwe munthu amaona anangumi osalipira ndalama iliyonse. Kuyambira mu 1992 tauniyi ili ndi wolengeza wake amene amayenda m'mphepete mwa nyanja akuliza lipenga lopangidwa ndi phesi louma la chomera cha m'nyanja, kudziwitsa anthu komwe nyama zaonekera.

Amalondera ndani?

Oyang'anira usodzi a unduna, oyendera za chilengedwe otchedwa Green Scorpions, pamodzi ndi alonda a CapeNature ndi SANParks m'malo otetezedwa, ndi amene ali ndi mphamvu yofufuza milandu. Wophwanya malamulo angachenjezedwe, kulandidwa chilolezo kapena kuimbidwa mlandu. Pa milandu yokhudza zamoyo zotetezedwa, lamulo la 2004 limalola chindapusa chofika R10 miliyoni kapena zaka 10 kundende.

Koma gombe la South Africa ndi lalitali makilomita pafupifupi 3,000, ndipo woyang'anira sangakhale pa boti lililonse. Vuto linanso n'lakuti chiyeso chothyola lamulo chimachokera kwa okwera omwe. Mlendo walipira ndalama zambiri, wanyamula foni m'mwamba, akukuwa kuti boti lisendere. Woyendetsa akudziwa kuti ndemanga yoipa pa intaneti ingamuluzitse makasitomala. Akagonja kamodzi osalangidwa, mnzake womvera malamulo ndiye amaoneka ngati wosadziwa ntchito. N'chifukwa chake maso a okwera ndi a anthu a kumtunda ali mbali ya dongosololi, osati chongowonjezera.

Mbali yanu

Musanalipire, funsani kuona chilolezo cha DFFE choonetsera anangumi. Chiphaso chonyamulira anthu pachokha sichipatsa boti ufulu wodutsa mamita 300. Kampani ikamalonjeza kuti mukhudza nangumi kapena musambira naye, ikukuuziranitu kuti iphwanya lamulo. Mukakwera, mverani malangizo, valani jekete yoyandamitsa akakupatsani, ndipo musaumirize woyendetsa kusendera. Mukaona boti likuthamangitsa nyama kapena kulekanitsa mayi ndi mwana, lembani dzina kapena nambala yake, malo ndi nthawi, jambulani ngati mungathe, n'kukanena ku ofesi ya unduna padoko kapena kwa alonda a malowo. Mukaona nangumi wakodwa m'zingwe za asodzi, musayese kumumasula nokha; itanani a NSRI, opulumutsa anthu panyanja, amene amagwira ntchitoyi limodzi ndi gulu lophunzitsidwa kudula zingwezo.

Ndipo inu amene mumalandira alendo m'mahotela, m'malo odyera ndi m'magalimoto, mawu anu ndi olemera kuposa chikwangwani chilichonse. Mlendo amapita kumene mwamulozera. Mulozereni boti la chilolezo, ndipo mumuuziretu kuti boti likaima pa mamita 50 sanaberedwe ndalama: woyendetsa akusunga lamulo.