Galimoto yakale ikakana kulira, yambani mwamvetsera

Nditangomaliza Fomu 3, patchuthi cha kumapeto kwa Julaye, amalume anandidzutsa tambala woyamba asanalire. Mabelo asanu a fodya tinali titakweza kale pa pikapu madzulo, ndipo tsikulo linali lawo lokatula fodya kumsika wa Chinkhoma, kwathu konkuno ku Kasungu. Ukaphonya tsiku lako umayambiranso kudikira, ndipo m'mabelo amenewo munali ndalama ya ngongole ya feteleza komanso fizi yanga ya Fomu 4. Amalume anapotokola kiyi. Galimoto inangoti "tcha", basi, zii.

Pikapu yawo inali ya m'gulu lija la magalimoto akale monga Peugeot 404 ndi Nissan 1400, imene ankaipanga ku South Africa mpaka 2008. Magalimoto otere alibe kompyuta. Mukatsegula boneti, zonse zimene mumaphunzira mu Physics zili pamtunda, mutha kuzigwira ndi manja.

Injini ya petulo imagwira ntchito m'njira imene Nikolaus Otto wa ku Germany anaikonza mu 1876. Pisitoni imatsika n'kukoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, imakwera n'kuupanikiza, pulagi imathetheka moto, ndiye kuphulikako kumakankhira pisitoni pansi, kenako utsi umatuluka. Choncho kuti injini ilire pamafunika mpweya, petulo, kupanikiza ndi moto wobwera pa nthawi yake. Koma zonsezi zisanachitike, pafunika chinthu choyamba kuizunguza, ndipo imeneyi ndi ntchito ya sitata ndi batire.

Amalume anagamula pomwepo kuti batire lafa. Anayamba kuwerengera kuti akongole kwa yani ndalama ya latsopano. Mwamwayi phokoso lathu linadzutsa agogo ena oyandikana nafe, amene paunyamata wawo ankakonza magalimoto ndi mathirakitala pa esiteti ina. Sanagwire sipanala. Anati, "Tayatsani magetsi akutsogolo." Anayaka bwinobwino. "Tsopano lizani." Amalume atapotokola kiyi, magetsi aja anangotsala pang'ono kuzima. Agogo anagwira mutu wa batire, anaupeza wofunda, utakutidwa ndi tiufa toyera tobiriwira.

Apa m'pamene pali phunziro limene ndinadzalimvetsa bwino chaka chotsatira, ndikukonzekera mayeso a MSCE. Batire lodzaza limakhala ndi mavoti pafupifupi 12.6. Magetsi akutsogolo amakoka ma amp pafupifupi 10, pamene sitata imatha kukoka 150 kapena kuposa. Tiyerekeze kuti tiufa tija tawonjezera resistance ya 0.03 ohm yokha pamutu wa batire. Lamulo la Ohm limati V = IR. Kwa magetsi, 10 × 0.03 ndi mavoti 0.3 otayika, maso anu sangaone kusiyana. Kwa sitata, 150 × 0.03 ndi mavoti 4.5 otayikira panjira n'kusanduka kutentha, n'chifukwa chake mutu uja unafunda. Waona eti? Dothi lomwelo, magetsi sakulimva, koma sitata likuipha. Onjezani chisanu cha Julaye, chimene chimachedwetsa ntchito ya asidi m'batire komanso kulimbitsa oyilo, ndiye kuti sitata yatsala ndi mphamvu yongoti "tcha".

Mankhwala ake anachokera kukhitchini. Azakhali anatipatsa soda wophikira therere, tinamusungunula m'madzi, n'kutsuka mitu ija mpaka thovu litasiya. Soda ndi base, ndiye amathetsa asidi. Agogo anayamba amasula waya wa negative, ndipo pobwezera anamalizira womwewo, kuti sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto pasathetheke moto. Batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene sumachedwa kuphulika, choncho ndudu ya amalume anaithamangitsira kuseri kwa chigafa.

Ulendo uno sitata inazungulira mwamphamvu, "rrr-rrr-rrr", koma injini osagwira. Ine ndinati tingoikankha. Agogo anaseka. Kukankha kumangolowa m'malo mwa sitata, ndipo sitata inali itachira kale. Vuto linali litasamuka, tsopano funso linali lakuti chikusowa ndi petulo kapena moto.

Petulo sanatitayitse nthawi. Anachotsa chosefera mpweya, ine ndinaponda akiseleta, ndipo tinaona kamtsinje ka petulo kakufayira m'kabuleta. Anatiletsanso kupondaponda, chifukwa petulo amayaka bwino akakhala pafupifupi gawo limodzi pa magawo 15 a mpweya, potengera kulemera. Akachuluka amanyowetsa mapulagi, n'kukhala ngati mukukoleza nkhuni zonyowa.

Kenako anamasula pulagi imodzi, kuilumikizanso ku waya wake, n'kuigoneka pa chitsulo cha injini. Giya ili pa nyutulo, handibuleki atakoka, manja onse kutali. Polizanso, pakamwa pa pulagi sipanaoneke kanthu.

Kuti moto udumphe kampata kosakwana milimita imodzi m'kati mwa mpweya wopanikizidwa, pamafunika mavoti masauzande ambiri, mwina 10,000 mpaka 20,000. Batire lili ndi 12 okha. Amene amakwezawo ndi koyilo, yomwe ndi thiransifoma: waya wokhuthala wokulungidwa maulendo mazana ochepa, ndi waya wowonda wokulungidwa maulendo masauzande. Mfundo yake ndi ija Michael Faraday anatulukira mu 1831, yakuti mphamvu ya maginito ikamasintha imabala magetsi m'waya. Koma batire limapereka magetsi osasinthasintha, nanga kusinthako kuchokera kuti? Ndiyo ntchito ya mapoyinti, kaswitchi kakang'ono kokhala m'kati mwa distributor. Akatsekeka, koyilo imadzaza mphamvu ya maginito. Akatseguka, mphamvuyo imagwa mwadzidzidzi, ndipo moto umabadwa pa kutsegukako. Pa injini ya masilinda anayi yozungulira maulendo 3,000 pa mphindi, kaswitchi kameneka kamatseguka ka 100 pa sekondi iliyonse. Mpaka lero ndimadabwa kuti kachitsulo kotere kamapirira bwanji.

Agogo atavundukula chipewa cha distributor, m'kati munali fumbi lofiira la misewu yathu, litanyowa ndi mame a usiku. Fumbi louma silivuta kwenikweni, koma likanyowa limasanduka njira yachidule, magetsi amphamvu aja n'kuthawira ku chitsulo osafika ku pulagi. Nawonso mapoyinti anali akuda ndi ukali wa moto wa zaka zambiri, ndiye sankatsekeka bwino. Anapukuta chipewa ndi nsanza youma, anakwecha mapoyinti ndi kasandipepa kosalala, n'kuyeza kampata kake kuti kakhale pafupifupi theka la milimita. Poyesanso, pulagi ija inathetheka kamoto kabuluu, kakumveka "the-the-the".

Mwina mukufunsa za kupanikiza. Agogo sanakuyese, ndipo anali ndi chifukwa. Injini imene yataya mphamvu yopanikiza imazungulira mopepuka ndi mwaliwiro, mawu ake osadukizadukiza, pamene yathu inkamveka ikulimbana ndi pisitoni iliyonse. Koma pa lole kapena thirakitala ya dizilo, nkhaniyi ikanakhala patsogolo, poti kumeneko kulibe mapulagi othetheka. Mafuta amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa kwambiri basi.

"Kokani choko pang'ono, osaponda," anatero agogo. Choko imachepetsa mpweya kuti petulo achulukirepo, chifukwa kukazizira petulo sasanduka nthunzi msanga. Injini inatsokomola kawiri, kachitatu n'kugwira. Amalume anafuna kuwapatsa kangachepe, iwo anakana, anangoti pobwerera tiwagulireko mapoyinti atsopano kuti adzatiikire okha, poti okwechedwa sakhalitsa. Tinafika pa Chinkhoma dzuwa litakwera, tinapeza mzere wa magalimoto utatalika kale, koma mabelo athu analowa tsiku lomwelo. Batire lija amalume anayendera zaka zina ziwiri.